Musanasaine nchito ku kampani ya manambala a mpira, yambani mwafufuza bwana wake

Nchito zamtunduwu zachuluka manje ndipo achinyamata ambiri kuno ku Chipata akuzithamangira, chifukwa zaphatikiza zinthu ziwiri zomwe timakonda kale, mpira ndi foni. Ndikukamba za makampani amene malonda ao ndi manambala a masewera: ndani wapatsira mnzake mpira, kona yachingati, khadi yatuluka mphindi iti. Akuluakulu ake ndi monga Sportradar ya ku St. Gallen ku Switzerland, Genius Sports ya ku London, Stats Perform eni ake a Opta ija mumaiona pa TV, Hudl ya ku Lincoln ku Nebraska yomwe inagula Wyscout, kampani ya mavidiyo a osewera mpira, mu 2019, ndi Catapult ya ku Melbourne imene imapanga timavesiti takuda tija osewera amavala mkati mwa jezi kuti makochi adziwe kuti munthu wathamanga bwanji. Pansi pa amenewa pali timakampani tambirimbiri tomwe timatenga nchito kwa akuluakulu nkumagawira anthu, kuphatikizapo a betting amene ali ndi mashopu ndi ma call centre.

Chinthu choyamba kumvetsa nchakuti inu muli ku Kapata kapena ku Mchini simudzaonana ndi mwini kampani olo tsiku limodzi. Zithunzi zomwe amaika pa LinkedIn, anthu akuseka mu ofesi yokhala ndi tebulo ya pool ndi khofi waulele, si zanu zimenezo. Kampani yanu ndi munthu mmodzi chabe, uja amakugawirani magemu, amaona zolakwa zanu ndi kusainira ndalama zanu. Ena amamutcha coordinator, ena team lead, ena supavaiza. Akakhala wabwino nchito mudzaikonda olo malipiro achepe pang'ono, akakhala wankhanza mudzayamba kudana ndi Chiweru, tsiku lomwe kale munkalidikira sabata yonse. Ndiye kufufuza konse kuloze pa iyeyo, ndipo funso lalikulu ndi limodzi: zinthu zikalakwika pakati pa gemu, munthuyu amatani?

Ndikunena zimenezi chifukwa pa nchitoyi zinthu zimalakwika ndithu, palibe kuchitira mwina. Tangoganizani muli pa David Kaunda Stadium mwezi wa January, mwakhala pamwamba penipeni kuti muone bwalo lonse, foni ili m'kapulasitiki chifukwa mvula yayamba kuwaza, power bank ili m'thumba waya wake ukulendewera, chala chili pa batani. Mpira ukatuluka mudina, kona mudina, timu ikayandikira golo mudina, ndipo zonsezi ziyenera kufika kwa eni ake m'masekondi ochepa chifukwa kwinakwake kuli anthu akubetcha pa zomwe mukutumizazo. Ndiye chigoli chalowa, anthu onse aimirira kutsogolo kwanu, netiweki yagwa, mukamadzaona laini yabwerera linesman wakweza mbendera kalekale chigoli chakanidwa koma inu munadina kale. Apa ndi pomwe mumadziwira kuti mukusewenzera anthu otani. Kwina amakuimbirani nthawi yomweyo modekha, konzani apa, pitirizani, tikambirana gemu ikatha. Kwina amakuduleni ndalama ya gemu yonse osafunsa kanthu, nkukuponyerani chithunzi cha cholakwa chanu mu gulu la WhatsApp momwe muli anthu onse.

Manje mungadziwe bwanji musanalowe? Yambani ndi zomwe ena analemba. Pa mawebusaiti a nchito a Glassdoor ndi Indeed anthu amene anasewenzapo amalemba maganizo ao osatchula dzina, ndipo makampani akulu aja onse alipo. Koma musangoona nyenyezi zija nkutseka. Nyenyezi zimasakaniza mainjiniya a ku London olandira ndalama zambiri ndi anthu odina mabatani ngati inu, ndiye avareji yake sikuuzani kanthu. Sakani olemba amene udindo wao ukufanana ndi womwe mukufunsira, data collector, scout, statistician, analyst wa mavidiyo, customer support, ndipo werengani za chaka chino ndi chatha chabe chifukwa makampaniwa amagulana pafupipafupi, mabwana amasintha, zomwe zinali zoona zaka zisanu zapitazo mwina zinatha. Munthu mmodzi wokwiya musamutengere kwambiri, mwina anachotsedwa chifukwa cha ulesi wake. Koma mukaona anthu osiyanasiyana, miyezi yosiyana, onse akudandaula chinthu chimodzi, kaya malipiro ochedwa kaya ma shifiti osintha usiku, chimenecho chilipo ndithu. Chenjeraninso ndi zoyamikira zomwe zalembedwa sabata imodzi, zonse nyenyezi zisanu, mau ake ofanana ngati analemba munthu mmodzi. Nthawi zambiri a HR, ofesi yoona za anchito, ndi amene anapempha anthu kuti alembe.

Komabe kuwerenga sikungapose kukamba ndi munthu. Safunsa anadya phula. Pa LinkedIn lembani dzina la kampani muone amene anasewenzako nkuchoka, makamaka a mu Zambia muno kapena ku Malawi, Kenya, Zimbabwe, chifukwa mavuto ao a malaiti ndi netiweki ndi ofanana ndi athu. Wochoka ndiye wabwino kufunsa, amene akali mkati amaopa kuti mwina ndinu kazitape wa abwana. Ndipo musamufunse kuti "kunali bwanji?" chifukwa ife anthu a kuno yankho lathu ndi "kunali bwino chabe" olo munthu anavutika koopsa, ndi ulemu wathu umenewo. Funsani zinthu zogwirika. Ndalama zinkalowa pa deti iti, ndipo zinachedwapo kangati? Mutadwala tsiku la gemu munauza ndani ndipo anati chani? Maliro atagwa kumudzi anakupatsani masiku? Amene munayamba nao alipo angati mpaka lero? Funso lomalizali ndimalikonda kwambiri chifukwa munthu sangalizembe, akangoti "aa onse anachoka" mwamva kale zonse.

Za maliro ndisazidutse msanga. Bwana amene ali ku Ulaya kapena ku Asia nthawi zina samvetsa kuti kuno maliro a amalume si chinthu choti utumize uthenga wa pepani nkupitiriza nchito, uyenera kukwera basi kupita ku Katete kapena ku Lundazi ukagone kumeneko. Si nkhanza nthawi zonse, ena sadziwa chabe. Ndiye ndi bwino kuikamba nkhaniyi poyamba pomwe zinthu zili bwino, mudziwe kuti mungasinthane gemu ndi mnzanu kapena ai, kusiyana nkudzayamba kufotokoza mwambo wathu pa foni muli kale pa siteshoni maso ofiira.

Tsiku la intaviyu, kaya ndi pa Zoom kaya ndi mu ofesi ku Lusaka, akamaliza mafunso ao amati muli ndi funso? Ambiri timati ai bwana zonse zamveka, kuopa kuoneka ovuta. Musatero. Funsani mwaulemu kuti munthu akalakwitsa pa gemu ya live chimachitika nchani, amene amaona zolakwa ndani, ndipo ngati simukugwirizana ndi mamaki amene wakupatsani mungadandaule kuti. Makampani a data amakhala ndi anthu oyang'ana nchito ya anzao, amaonanso vidiyo nkukupatsani mamaki, ndipo mamakiwo ndi amene amasankha kuti mupatsidwe magemu ambiri kapena ochepa. Kampani yolongosoka idzakuyankhani bwinobwino, mwina kukuonetsani ndi pepala lake. Mukamva yankho loti "kuno ndife banja limodzi" kapena "timafuna anthu okonda mpira osati okonda ndalama", khalani tcheru. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe makampani a zamasewera amatipezerera. Amadziwa kuti mnyamata amene wakula akuonera mpira pa kashopu ka vidiyo angavomere chilichonse bola anene kwa anzake kuti ndimasewenza za mpira. Chikondi cha mpira sichilipira renti ku Kalongwezi, landlord safuna kumva za Arsenal pa 30.

Funsaninso za nthawi, ndipo muiwerengere pa wotchi yathu. Gemu ya ku England ya 3 koloko masana imayamba 17 hours kuno nthawi ya dzinja lao, 16 hours akasintha wotchi. Champions League ya usiku imayamba 22 hours kapena 21 hours, kutha kwake pakati pa usiku, ndipo ngati nchito yanu ndi yolemba zonse za mu vidiyo gemu ikatha ndiye kuti mukugona m'bandakucha. Akakuikani pa basketball ya ku America ndiye 02 kapena 03 hours muli maso. Chiweru ndi Sondo muiwale, Boxing Day muiwale, ukwati wa mnzanu mudzaonera pa Facebook. A Sabata ndi amakwaya ganizirani bwino pamenepa musanavomere. Zimenezi si kulakwa kwa kampani, mpira umaseweredwa nthawi imeneyo basi, koma bwana wabwino amatulutsa ndandanda ya ma shifiti masiku angapo zisanachitike ndipo amagawa usiku mofanana, pomwe woipa amakutumizirani meseji 21 hours kuti lowani pali gemu, ndipo mausiku onse oipa amagwera atsopano ndi amene sagwirizana naye.

Nkhani ya malaiti ndi intaneti muikambe mosabisa. Tonse tikukumbuka 2024 madzi atachepa ku Kariba momwe load shedding inatikhaulitsira, maola ambirimbiri opanda malaiti. Ngati mukusewenzera kunyumba funsani kuti bandulo amagula ndani, laputopu ndi ya ndani, ikaonongeka amakonza ndani, ndipo malaiti akapita pakati pa gemu mlandu ndi wa ndani. Inu kumbali yanu khalani ndi ma SIM awiri, MTN ndi Airtel kapena Zamtel, yesani onse pamalo pomwe mudzakhale chifukwa kuno mapiri atizungulira, laini imene ikugwira bwino mu tauni mwina ku Nabvutika ikukana. Starlink inafika mu Zambia mu 2023 koma musathamangire kukongola ndalama zogulira musanaone malipiro olo a miyezi itatu akulowa.

Tsopano pepala la kontrakiti. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amagwera. Choyamba dziwani ngati mukulembedwa ngati wanchito kapena ngati freelancer wolipidwa pa gemu. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Ngati ndinu wanchito wa kampani yolembetsedwa mu Zambia, Employment Code Act ya 2019 ikukutetezani. Probation siyenera kupitirira miyezi 3, angaonjezere ina koma yosapitirira 3, ndipo ikatha osakulemberani kalata lamulo limakutengani kuti mwatsimikizidwa pa nchito. Maola a pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa kamodzi ndi hafu. Pa holide ya boma kapena tsiku lanu lopuma ndi kawiri, koma onani bwino kontrakiti chifukwa ngati Sondo analilemba kuti ndi tsiku lanu la nchito lanthawi zonse ndiye kawiri kaja palibe. Livi ndi masiku 2 pa mwezi. Amai oyembekezera ali ndi masabata 14. Kontrakiti ya nthawi yoikika yopitirira chaka ikatha pamakhala gratuity yosachepera 25 peresenti ya basic pay yomwe mwalandira nthawi yonseyo, nchifukwa chake mabwana ochenjera amachepetsa basic nkukulitsa ma allowance, ndiye musangoona nambala yaikulu ya pansi, onani basic. NAPSA ya penshoni amadula 5 peresenti kwa inu kampani nkuikapo 5 ina, NHIMA ya inshuwalansi ya kuchipatala ndi 1 kwa inu 1 kwa iwo. Pa payslip zikhoza kuoneka kuti zadulidwa koma osafika kumene zikupita, ndiye pakapita miyezi iwiri itatu lowani pa webusaiti ya NAPSA kapena pitani ku ofesi yao mukaone ngati dzina lanu lili ndi ndalama. Kampani imene imadula NAPSA osapereka musayembekezere kuti idzakhala yachilungamo pa zina.

Lamulo lomweli limafunanso kuti kampani ikhale ndi ndondomeko yolembedwa ya madandaulo ndi ya nkhanza za kunchito, kuphatikizapo zofuna chibwenzi mokakamiza. Alongo anga ipempheni muione. Nchito za mpira zadzaza amuna ndipo ma shifiti ndi ausiku, ndiye funsani kuti mukaweruka 23 hours pa shopu mubwerera bwanji kunyumba, njinga nthawi imeneyo zapita kale, taxi alipira ndani. Funsaninso kuti ngati wokuvutitsaniyo ndi supavaiza yemweyo mukanena kwa ndani. Akayankha kuti "kwa supavaiza" ndiye kuti ndondomekoyo ndi yongokongoletsa fayilo.

Ngati ndinu freelancer wa kampani ya kunja, zambiri mwa izi sizikukhudzani, palibe livi, palibe NAPSA yochokera kwa iwo, ndipo Labour Office ya kuno singakathamangitse munthu amene ali ku Malta. Sindikuti musavomere, ena zikuwayendera, koma muitenge ngati ganyu yabwino osati nchito yoti musiyire ina. Mudziwe ndalama ya gemu imodzi, ya transipoti ngati ilipo, gemu ikalephereka mutafika kale pa bwalo amalipira kapena ai, ndalama imabwera mu dola kapena kwacha, kudzera njira iti, ndipo ma charges a banki amadya ndani. Zonsezi zikhale pa imelo osati pa foni chabe. TPIN ya ku ZRA khalani nayo. Ndipo aliyense wokuuzani kuti tumizani K300 pa mobile money ya training kapena ya yunifomu musanayambe, ameneyo ndi wakuba, olo aike chizindikiro cha kampani yaikulu pa chithunzi chake cha WhatsApp. Kampani ya mu Zambia mungaifufuze ku PACRA ngati inalembetsedwa, ya kunja lowani pa webusaiti yao yeniyeni muone ngati nchitoyo ilipodi.

Pali msampha wina wa nchito imeneyi yokha. Mukayamba kuoneka pa bwalo ndi foni sabata iliyonse, anthu adzadziwa chomwe mukuchita, ndipo tsiku lina wina adzakuyandikirani, mwina munthu womudziwa, kuti boyi chigoli chikalowa chedwa pang'ono kudina, masekondi khumi chabe, tigawana. Kanani pomwepo ndipo muuze kampani mwa kulemba tsiku lomwelo. Makampaniwa amaona nthawi ya kudina kulikonse ndipo amafananiza ndi mabetcha amene alowa, kugwidwa sikuvuta, ndipo dzina likaipa pa nkhani imeneyi simudzapezanso nchito kwa ena onse. Ambiri amaletsa anchito ao kubetcha pa magemu amene akugwira, ena amaletsa kubetcha kulikonse, werengani mzere umenewo. Komanso funsani ngati kampani ili ndi chilolezo chotenga data pa ligi imeneyo. Amene amakuuzani kuti bisani foni, valani ma earphone muzinamizira kukamba ndi bwenzi, akukuikani pa ngozi inuyo, achitetezo akakugwirani iye ali kutali.

Mukalowa, miyezi itatu yoyamba ikhale yoonetsetsa. Gulani kabuku ka K10 muzilemba gemu iliyonse, deti, nthawi yoyamba ndi yomaliza, vuto lomwe linachitika, ndi screenshot ngati netiweki inagwa. Zikuoneka zachikale koma tsiku lomwe adzati munagwira magemu 9 pomwe inu mukudziwa kuti ndi 12, kabukuko ndi kamene kadzakuyankhulireni. Bwana akakuuzani chinthu chachikulu pa foni, mukadula mulembereni kameseji kaulemu, "abwana, monga takambirana, Chiweru ndili pa gemu ya 15 hours ndipo transipoti mubweza", basi. Si mwano umenewo, ndipo bwana wolongosoka amakondwa nazo.

Onaninso momwe amakambira za anthu amene anachoka. Ngati aliyense wochoka anali "waulesi" kapena "wosayamika", dziwani kuti inunso dzina lanu likudikira. Onani amene amakwezedwa, ndi odziwa nchito kapena omwa nao mowa Lachisanu? Onani pa miting'i ngati wamng'ono angathe kunena kuti njira iyi sikuyenda popanda chipinda chonse kuzizira. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndipo pa mabwana akunja zimenezi zimatipweteka mwanjira ina: iwo ukakhala chete amaganiza kuti wavomera kapena ulibe nzeru, pomwe iwe ukungopereka ulemu. Ndiye phunzirani kunena vuto msanga, mwachidule, ndi umboni. "Vidiyo ya gemu iyi manambala a jezi sakuoneka, ndikupempha nthawi yoonjezera" ndi bwino kuinena gemu isanathe kusiyana nkudzaifotokoza mamaki atatsika kale. Magulu a WhatsApp a anchito okhaokha ndi othandiza posinthana ma shifiti koma musatukwaniremo bwana, screenshot imayenda msanga kuposa basi ya ku Lusaka.

Zikafika poipa tsatani njira. Kambani ndi supavaiza, zikakanika lemberani HR, sungani makope pa imelo yanu osati ya kampani chifukwa tsiku lokuchotsani amatseka akaunti nthawi yomweyo. Ngati ndinu wanchito, lamulo silimalola kukuchotsani pa mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka nchito osakupatsani mpata woyankhapo, ndipo ayenera kupereka chifukwa chomveka. Labour Office ya kuno ku Chipata imalandira madandaulo otere, pitani ndi kontrakiti, ma payslip ndi kabuku kaja, osati ndi mkwiyo chabe.

Ndipo mukaganiza zochoka nokha musangozimitsa foni nkusowa, olo akukwiyitseni bwanji. Anthu a nchito imeneyi ndi ochepa ndipo amadziwana, coordinator wa kuno chaka chamawa mudzamupeza ku kampani ina yomwe mukufunsirako. Perekani notisi monga kontrakiti ikunenera, ngati sinatchule ndipo ndi yopitirira miyezi 3 lamulo limati masiku 30. Bwezani laputopu ndi foni yao ndipo wolandirayo asaine pepala loti zafika zili bwino, apo ai adzakudulani pa ndalama zomaliza. Pemphani certificate of service, werengerani masiku a livi omwe simunatenge kuti akulipireni, ndipo musanataye mwai wolowa mu system yao lembani penapake kuchuluka kwa magemu amene munagwira, ma ligi ake ndi mapulogalamu amene munaphunzira, chifukwa pa intaviyu yotsatira adzakufunsani zimenezo.